Ndinasankha Ndekha Yosafufuta

Mpaka lero foni ikalira m'thumba la shati, ndimayamba ndayang'ana uku ndi uku ndisanaitulutse. Sindinganamizire munthu. Dzenje ndinakumba ndekha, pamaso pa komiti yonse, anthu akundiwombera m'manja.

Ine ndine wapampando wa komiti yogawa madzi pa sikimu yathu ya mpunga, kuchigwa kuno. Ntchito yathu ndi kuuzana tsiku lotsegula geti la ngalande, ndi munda umene ukulandira madzi. Kale tinkatumizirana makalata. Chaka chatha alangizi athu, mayi Nakoma, anati tisankhe pulogalamu imodzi ya pafoni yoti tiziuziranamo. Anabwera ndi ziwiri. Maina ake lilime langa linakana, ndiye tinkangoti yobiriwira ndi yabuluu. Yobiriwira imalola kufufuta uthenga ukautumiza. Yabuluu sifufuta, ndipo imaonetsa amene wamva ndi amene sanamve.

Ambiri anakonda yobiriwira. Ine ndinaimirira (ukalamba umabwera ndi matenda oimirira pamisonkhano) n'kunena kuti, "Uthenga wa madzi si wosewera nawo. Titenge yosafufuta, pasapezeke wokana kuti sanatumize kapena sanalandire."

Alamu anga a Namakhwa, achimwene a mkazi wanga, anawomba m'manja kuposa onse. "Mwalankhula alamu! Zikanakhalako izi kale, nazale yanga ija sikanauma."

Ndinakhala pansi msangamsanga.

Nkhani ya nazale ndi iyi. Zaka zambiri zapitazo, ndisanalowe sukulu ya kwacha, ndinkayenda ndi cholembera pathumba kuti anthu aziti ndine wophunzira. Mlonda wa geti, malemu a Likoswe, anandipatsira kalata ya alamu. "Mukawawerengere, iwo sadziwa." Ine ndikanawerenga chiyani? Ndinaibisa. Mmenemo munalembedwa kuti ngalande itsekedwa kuti aikonze, aliyense athirire nazale yake ndi ndowa. Alamu sanadziwe, mbande zinauma, chaka chimenecho sanakolole. Anakalipira a Likoswe kuti sanawauze, ndipo sanalankhulanenso mpaka munthuyo anatsikira kuli chete. Kalatayo ndinadzaiwerenga tsitsi litayamba kale imvi. Ndiyo inali yoyamba kuiwerenga ndekha.

Tibwerere ku foni. Mayi Nakoma anati tiyese yabuluu sabata imodzi tisanagwirizane. Anatsegula kamalo kolembedwa kuti Kuyesa. "Muziyeseramo kutumiza mawu, musaope." Ine mutu unathamangira kusukulu ya kwacha, kumene tinkayesera pa sileti: sileti ndi yako, walakwitsa, malovu pang'ono, yayera. Sindinafunse kuti m'kamaloka muli ndani.

Mmawa wina ndili ndekha pamzere wa munda, ndinakanikiza kabatani kojambulira mawu. Ndinasowa chonena. Ndiye pakamwa panatuluka mawu amene ndakhala ndikuyesera pa khasu ndi pa njinga zaka zonsezi. "Alamu, kalata ija a Likoswe anandipatsa ine..." Ndinanena zonse. Ndinalira, ndinamina, n'kupitiriza. Nditachotsa chala, mtima unapepuka ngati ndatula thumba.

Kenako pansi pa uthengawo panayamba kutuluka maina. Mayi Nakoma, amva. Alembi, amva. Asungichuma, amva.

Ndinaimbira foni mayi Nakoma pomwepo. "Mayi, fufutani!"

"Bambo, yofufuta ija si munaikana nokha?"

"Ndiye tsekani chinthu chonsecho!"

"Sichitsekeka choncho. Koma a Namakhwa sanamvebe." Mawu awo ankamveka ngati aluma nsalu kuti asaseke.

Linali tsiku la msika ku Chiringa, ndipo ndinkadziwa kuti alamu amasiya foni yawo kwa wometa kuti ilowe moto, iwo akugulitsa nandolo. Ndikafika asanaitenge, ndiwauza ndi pakamwa panga, ngati munthu. Zoti akamve kwa foni, ayi. Ndinapalasa njinga monga sindinapalasepo chikwatirireni. Paliponse ndikaima ndinkayang'ana dzina lawo: silinamve. Tcheni chinagwa kawiri. Mayi wina wa m'komiti ndinakumana naye panjira, anangogwira pakamwa n'kuti, "Pepanitu bambo," ngati ndaferedwa.

Ndikulowa pamsika, ndinamva mawu odziwika akuchokera kwa wometa. Mawu anga. Alamu makutu awo ndi olemera, ndiye wometa anawalumikizira foni ku sipika yake ya nyimbo. Amayi a tomato anasiya malonda. Munthu wina anatuluka mutu wometedwa theka. Pofika pomwe ndinkamina paja, msika wonse unamva bwinobwino.

Alamu anali atakhala pabenchi, chipewa pabondo. Uthenga utatha anauza wometa kuti, "Bwerezani." Ndinaimirira pomwepo ndi njinga yanga n'kudzimveranso kachiwiri.

Atandiona anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkadikira ndodo, kapena mawu oti mlongo wawo abwerere kwawo (iwalani kuti mkamwini ndine, wochoka ndikanakhala ine).

"Kalatayo ilipo?"

"Ilipo, alamu. M'Baibulo."

"M'Baibulo!" Anapukusa mutu. "Mawa muitulutse. Tipita kwa amayi a kwa Likoswe. Inu mukawerenga, ine ndikapepesa. Ndinatukwana munthu wosalakwa." Anavala chipewa, kenako anatembenuka. "Nanga cholembera chija chinkalemba?"

"Chinalibe inki."

Tinapitadi. Ndinawerenga ndikugwada, mawu aliwonse ndikuwalozera ndi chala. Mayi aja anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti amuna awo ankandikayikira kuyambira kale, poti nyuzipepala ndinkaigwira chadodolido.

Pamsonkhano wotsiriza mayi Nakoma anafunsa ngati alipo wofuna yobiriwira. Dzanja langa linayamba kukwera lokha. Alamu analigwira n'kulitsitsa. Yabuluu inapambana, ndipo ndiyo tikugwiritsa ntchito. Za madzi ndimalemba, pang'onopang'ono, ndi chala chimodzi. Zakukhosi ndabwerera kouza njinga, foni nditaisiya kunyumba.