Moni wa ku Jenala Unanditayitsa Ulendo

Mpaka lero ndikamva mawu akuti "tiyeni tiyatse makamera", ndimafuna kubisala pansi pa tebulo. Ndikuuzani chifukwa chake, koma chonde zisakafike kwa a Namakhwa.

Ndine mlangizi ku kabungwe kena kothandiza alimi a nandolo kuno ku Phalombe. Lolemba lililonse timachita msonkhano wa pa vidiyo ndi mabwana aku Lilongwe. Misonkhano yake inali yogonetsa tulo: makamera ozimitsa, mmodzi akuwerenga lipoti, ena onse zii (ine nthawi imeneyo ndinkachapa masokosi). Tsiku lina bwana wamkulu anatopa nazo. Anati aliyense pa sabata yake apeze njira yodzutsira msonkhano, ndipo wochita bwino ndiye adzapita ku maphunziro ku Lilongwe.

Ulendo umenewo ndinaufuna ndi mtima wonse. Vuto linali a Namakhwa, mayi amene timagwira naye ntchito. Nyumba yawo ili m'munsi mwa phiri, ndiye akayatsa kamera pakhonde, Mulanje yense amaoneka kumbuyo kwawo. Mabwana n'kumati, "Koma ndiye kokongola!" ngati phirilo anaumba ndi iwo. Kumbuyo kwa ine kumaoneka khoma long'aluka ndi njinga yophwa tayala. Sabata yawo itafika, anangonyamula nthambi ya nandolo yodyedwa ndi mbozi n'kufunsa aliyense kuti akanakhala mlimi akanatani. Anthu analankhula molimbirana. Ine ndinaomba nawo m'manja, koma nsanje inali itandigwira.

Ndinati mumtima, iwo abweretsa nthambi, ine ndibweretsa mlimi wamoyo. Ndinapita ku Jenala kwa a Mukhito, tcheya wa kalabu ya alimi, n'kuwapempha kuti adzalankhule mawu awiri atatu. Ndinaiwala chinthu chimodzi: tcheya sayenda yekha. Lolembalo ndinapeza kalabu yonse ikundidikira, amayi atavala zitenje zofanana, abambo majekete a kutchalitchi.

Netiweki kumeneko imagwira pachulu basi. Ndinakwera ndi jekete langa, foni m'mwamba, kalabu itazungulira pansi. Nkhope za mabwana zitatulukira, ndinayamba monyada kulongosola pulogalamu yanga. A Mukhito anandikoka buluku.

"Alangizi, alendo timayamba ndi moni. Tsitsani foniyo."

"A tcheya, moni wa onse pamodzi ukwanira, nthawi ndi yochepa."

"Pamodzi? Anthu akuluakulu ngati amenewa? Ayi, mutichititsa manyazi."

Anavula chipewa n'kuyamba ndi nkhope ya pakona. "Muli bwanji bwana? Nanga kunyumba? Ana adzuka?" Atamaliza anapita pa nkhope yachiwiri. Atatha a Mukhito anabwera achiwiri awo, kenako mlembi, kenako msungichuma, aliyense kuyambiranso pakona paja, amayi akugwada pachulu pomwepo. Ine mkono ukunjenjemera, thukuta kamukamu. Moni utatha a Mukhito anati tipemphere, ndipo ndinaona mabwana aku Lilongwe akutsinzina m'maofesi mwawo (mmodzi anali ndi bisiketi pakamwa).

Chodabwitsa n'chakuti mabwana anakondwa. Makamera otsala onse anayaka, anthu akumwetulira. Ndinati basi, Lilongwe ndafika.

Pamenepo mayi wina wa kalabu anasuzumira bwinobwino pafoni n'kukuwa, "Iii! Si a Namakhwa awa? Anzanga, bwerani mudzaone, a Namakhwa ali muno!"

Kunagwa nthungululu. Paja ine ndisanabwere, mlangizi wa ku Jenala anali a Namakhwa, ndipo zimenezi sindinaziganizire n'komwe. Amayi anakhamukira pachulu, kutsala pang'ono kundigwetsa, n'kuyamba nyimbo yotchula dzina lawo. A Namakhwa akubayibitsa, phiri lawo lili kumbuyo, misozi ili lengelenge. Wonyamula foni kuti zonsezi zioneke bwino ndinali ine.

Nyimbo itatha bwana wamkulu anafunsa, "A tcheya, n'chiyani chinasintha ulimi wanu?"

A Mukhito sanachedwe. "Ndi mayi amenewo, bwana. Anatiphunzitsa kuthana ndi mbozi, ndipo ankabwera ngakhale pamatope." Kenako anandiyang'ana mwachifundo. "Awa atsopanowa nawonso akuyesera."

Akuyesera! Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zanga, foni n'kuthima. Moto unali utathera pa moni.

Madzulo ake bwana wamkulu anatumiza uthenga woyamikira kuti msonkhanowo unali wopambana yonse, ndipo waonetsa poyera mlangizi amene alimi amamukonda. Ku Lilongwe kunapita a Namakhwa. Ine ndinatsala ndi mkono wowawa ndi mbale ya nandolo imene kalabu inandipatsa kuti ndikapatse a Namakhwa.

Choipitsitsa n'chakuti mayiyu alibe mtima woipa, moti sindingamudandaulenso kwa munthu. Pobwerako anandigulira kachoimikira foni, akuti anamva chisoni ndi mmene mkono wanga unkanjenjemerera. Ndinathokoza ndi manja awiri, mano ndikukukuta. Kachinthuko n'kabwino zedi, ndipo zimenezi ndiye zimandiwawa kwambiri.

Mwina mukuganiza kuti nsanje ndinaleka. Ayi ndithu. Panopa ndikufunafuna nyumba ya lendi yoyang'anana ndi phiri, koma ndisanalowe ndimayamba ndafunsa ngati a Namakhwa anagwirako ntchito m'deralo.