Tsiku limene ndinavula malaya pamaso pa apongozi

Mpaka lero ndikamadutsa pa kiliniki ya pa esiteti pathu ndimapalasa njinga mwaliwiro, nkhope nditalozetsa kwina. Alipo amayi ena otchola tiyi amene akangondiona amayamba kudzikanda dala.

Ine ndimagwira ntchito kufakitale ya tiyi, ndipo ndine mkamwini ku Changata. Apongozi anga aakazi ndimawalemekeza monga mwa mwambo. Moni timapatsana chapatali, ine maso ali pansi, ndipo tikakumana panjira ndimapatukira m'tchire.

Nthawi ya Korona ija tonse tinabayitsa katemera. Itakwana nthawi ya wowonjezera, uja amati busita, kunamveka kuti amene wabwera ndi wa mtundu wina. Apongozi amadwala shuga, ndiye achipatala anali atawauza kuti asaphonye. Koma iwo anakayikira. "Mankhwala awiri osadziwana m'thupi limodzi, sakayambana amenewo?" anatero pofunsa mwana wawo, mkazi wangayo.

Ine (pakamwa pangapa!) ndinayankhira kuseri kwa nyumba. "Auzeni amayi kuti kufakitale timasakaniza tiyi wa minda yosiyanasiyana, ndipo wokoma ndi ameneyo."

Yankho linabwera ndi mkazi wanga: "Akuti muyambe ndinu, iwo aonerere."

Titafika ku kiliniki ndi apongoziwo, tinapeza mzere wautali wa amayi otchola tiyi, madengu atatula pambali. Kunatentha, choncho jekete langa ndinalikoleka pa mpanda wa maluwa. Anesi anatifotokozera bwinobwino kuti kubayitsa mtundu wina nkololedwa, kungoti mkono ukhoza kuwawa pang'ono. Anandibaya, nkundiuza kuti ndikhale kaye pabenchi. Ndinavalanso jekete lija nkukhala chifuwa chili patsogolo, kuti apongozi aone mwamuna amene mwana wawo anasankha.

Kenako m'khosi munayamba kuyabwa. Ndinapirira. Kuyabwa kunatsikira paphewa, kenako kumsana, ngati wina wandithira tsabola. Nditagwira ndinamva totupa. Pomwepo za tiyi wosakaniza zija zinauluka, m'mutu munadzaza mphekesera zonse zimene ndinkaseka nazo anzanga.

"Ayambana!" ndinakuwa. "Anesi, akumenyana m'thupi muno!"

Jekete uko, malaya uko, ndi vesiti yomwe (inali yobooka pamimba, zimenezi ndinazikumbukira mochedwa). Ndinayamba kukhuza msana pamzati wa khonde ngati mbuzi. Anesi ankati ndikhale pansi andione, ine osamva. Nditacheuka ndinaona amayi aja akunyamula madengu awo, mzere ukutha. Mtima unandipweteka, chifukwa ndinadziwa kuti apongozi sabayitsanso, ndipo wolakwa ndine.

Koma iwo sanathawe. Anathyola kamtengo, nkupita pamene panagwera jekete, osandiyang'ana nkomwe. Anatembenuza kolala modekha ngati akusankha nyemba, kenako anakweza kamtengo kaja m'mwamba. Kunsonga kwake kunali chiyabwe chonenepa, chaubweya, chochokera pa mpanda uja.

"Amayi inu, tabwererani," anatero. "Katemera amene wavuta akamwini athu ndi uyu. Mukumuona ali ndi miyendo?"

Chiseko chake chinamveka mpaka kumunda. Madengu anabwerera pansi. Apongozi anamasula chitenje chapamwamba nkunditambasulira, nkhope atayang'ana kumbali. "Bambo a Tamanda, fundani. Anthu aona zokwanira."

Atatero analowa nkupinda okha dzanja la bulauzi. Ndili pakhomo, anesi ena akundipaka mankhwala kumsana, ndinamva owabaya akufunsa kuti, "Mayi, ndiye simukuopa?"

"Ndikuopa, mwana wanga. Koma ndikachoka ine, onsewa achoka."

Ndinachita manyazi, komanso ndinanyadira. Ine wodziwa kulankhula ndinabalalitsa mzere wonse, mayi wamantha anaubweza ndi kamtengo. Tsiku limenelo palibe anabwerera osabayitsa, ndipo m'mawa mwake apongozi anali kudimba, akungodandaula kuti mkono walemera pang'ono.

Nkhaniyi sanaitchulepo, ngakhale kwa apongozi aamuna. Ine ndinaphunzira kukutumula jekete ndisanavale, koma za pakamwa mkazi wanga akuti sindinasinthe. Chitenje chija ndinachapa ndekha, kuchisita, nkutumiza ndi ulemu wonse. Madzulo chinabwerera ndi mkazi wanga yemweyo.

"Akuti musunge," anatero akudziletsa kuseka. "Mwina kudzabweranso katemera wina."