Mfumu ya Azungu Pakhoma la Atate

Lolemba

Esinati, chitsirizira changa, akwatiwa Loweruka lino. Mphatso ndaipeza: chithunzi chakale chimene malemu atate anapachika pabalaza kuno ku Kabwata ine ndisanabadwe. Mfumu ya ku Mangalande ndi mkazi wake, atagwirana manja, nkhope zili gwa. Zochita sabata ino: kuchipukuta, kuchiikitsa galasi latsopano, kulemba mawu okalankhula paukwati. Mutu wake: banja lolimba ndi ili. Atate sankalola aliyense kuchitsitsa pakhoma. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza alendo kuti ankaphunzirapo ulemu wa m'banja.

Lachiwiri

Amake Esinati sakugwirizana nazo. Akuti anzathu amapatsa ana awo mapoto ndi mabulangete, ine ndikufuna kupereka azungu awiri okwiya. Akutinso mayiyo akuoneka ngati nsapato zikumuthina. Ndawakhululukira, za mbiri sadziwa. Ndalemba masamba atatu a mawu apaukwati aja.

Lachitatu

Ku Chelstone kwa ba Daka, mnzanga amene ankaphunzitsa mbiri kusekondale. Ndapitira kuti andiyamikire. Avala magalasi, ayamba kuloza ndi chala. Mkango uli kumapaziwo: mphamvu. Zombo zili kumbuyozo: zokatengera mayiko a eni. Mpira umene mfumu yasanjikapo dzanja: dziko lonse lapansi, ifenso tili momwemo. Nanga manja ogwiranawo? Akuti si chikondi, ndi mayiko awiri akupangana kuti asamenyane. Zithunzi zotere ankazisindikiza zambirimbiri kuti anthu asaiwale mwini dziko.

"Iwe, aba banakwatilana monga ma kampani," akutero ba Daka.

Ndang'amba masamba awiri. Chikundiwawa si masambawo. Kodi atate ankagwadira zimenezi?

Lachinayi

M'tauni, kwa mmisiri woika zithunzi m'magalasi. M'minibasi ndachifungatira ngati khanda, anthu akundiyang'ana. Mmisiri akuzula timisomali takumbuyo, kanthu kagwa pansi. Khadi lofiirira, njenjete zinalawako m'mbali. La chipani chomenyera ufulu. Dzina la atate, chidindo, zonse zilipo. Atate, kuki wa mzungu ku Kabulonga, munthu amene sindinamumvepo akutchula ndale! Ndamuuza mmisiri abwezeretse galasi lakale lomwelo. Ndafika kunyumba khadi lili m'thumba.

Lachisanu

Ku Woodlands kwa azakhali, mlongo wawo wa atate, amene atsala okha m'banja lawo. Aona khadi, aseka mpaka kutsokomola. Akuti masiku amenewo apolisi a azungu ankalowa nyumba ndi nyumba kufuna makadi achipani, kutembenuza matiresi, kupisa manja m'thumba la ufa. Opezeka nawo ankatengedwa, ntchito n'kuthera pomwepo. Kwathu akangoona mfumu yawo pakhoma ankaima njo, n'kutuluka mwaulemu. Ndani akanazula misomali kumsana kwa mfumu?

"Atate ako enze kucipukuta m'mawa uliwonse," akutero azakhali, "koma enze kucitukwana pansi-pansi."

Ndafunsa chifukwa chake sanachichotse ufulu utabwera. Akuti khoma linali ndi mng'alu pamenepo.

Tsamba lotsala ndang'amba.

Loweruka

Holo yadzaza. Esinati wakongola ngati amake kalelo. Aitana dzina langa. Ndaimirira, chithunzi kudzanja lamanja, khadi kumanzere, mawu palibe. Ndangoti, "Esinati, agogo ako..." basi. Ndalira pamaso pa apongozi, ine mkulu wa mpingo! Amake Esinati anyamuka, apereka mapoto ndi mabulangete. Anali atagula kale Lachiwiri.

Lamulungu

Esinati watenga khadi, akuti aliika m'galasi pabalaza pake. Chithunzi wachikana mwaulemu. Ndachibweza pamsomali wake, ndipo mng'alu ulipodi. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuwadziwa atate molakwika, ndipo koti ndikawapepesere kulibe. M'mawa uno ndapukuta mfumu ndi mkazi wake monga mwa masiku onse. Kutukwana sindinazolowere, koma ndisanapite kutchalitchi ndayesako pang'ono, chapansipansi.