Majaozi Otsanzikira Asewere

Inu, tamverani za a Geng a m'kanjira kathu ku Beijing, munthu amene anataya bedi lake chifukwa cha pakamwa.

Mwana wawo wamkazi, Lanying, anapeza mnyamata womukwatira, wa kumwera kwenikweni uko kumene anthu amadya mpunga m'mawa, masana ndi madzulo osadandaula. Ukwati usanachitike, bambo a mnyamatayo, a Tan, anakwera sitima kudzaona banja limene mwana wawo akulowamo, ndi kudzaonanso likulu, poti chibadwire anali asanapondeko. Lanying, amene amagwira ntchito kutali, anaimba foni.

"Adadi, chonde, muwasamale. Bambo amenewo akakhumudwa, ukwati palibe. Mwana wawo sawatsutsa."

Ndiye pa siteshoni a Geng anamugwira mlendo manja onse awiri. "Asewere, nyumba ndi yanu. Khalani mpaka mutope!"

Mawu amenewa kwathu timauza aliyense, ngakhale wodzakonza mpope. Palibe amawatola. A Tan anawatola.

Nyumba ya a Geng ndi kachipinda, kabalaza ndi kakhitchini, chimbudzi n'cha tonse kumapeto kwa kanjira. Bedi linapita kwa mlendo. Mayi Shufen, akazi awo a Geng, anatenga sofa. A Geng analumikiza mipando, mutu pabalaza, mapazi kukhitchini, ndipo inali nyengo yozizira.

Kukacha, a Tan ali chilili, chipewa kumutu. "Asewere, lero tikuona chiyani?"

A Geng anabadwira mumzinda momwemu, choncho Khoma Lalikulu lotchuka lija analikwera kamodzi ali mwana wasukulu, n'kuona kuti zakwana. Tsopano analikweranso, bondo likulira, a Tan ali patsogolo ngati mbuzi. Anazungulira nyumba zachifumu, akachisi, manda a mafumu, ndi manda ena amene a Geng sankadziwa n'komwe kuti aliko.

"Chipata ichi anamanga ndani, asewere?"

"Mfumu."

"Iti?"

"Ija ya ndevu."

A Tan anagwedeza mutu, n'kujambula chipatacho.

Mlungu unatha, wina n'kutha. A Geng anayamba kuyenda chopendekera. Tsiku lina a Tan atapita kuchimbudzi, Mayi Shufen anawakokera amuna awo kukhitchini.

"Bambo a Lanying, munthuyu apita liti?"

"Ndimufunse? Ukufuna mwana wathu akalambire pakhomo?"

"Ndiye ndikande ufa," anatero mayiwo.

A Geng anamwetulira koyamba m'masiku ambiri. Paja kwathu kumpoto kuno mlendo sitimuuza kuti pita. Timamuphikira majaozi, timitanda ta ufa wa tirigu tokulunga nyama ndi kabichi, chakudya cha munthu wonyamuka ulendo. Mlendo wanzeru akaona mbale imeneyo amadya, kuthokoza, n'kuyamba kufunsa za sitima. Palibe wochita manyazi.

Chimene a Geng anaiwala n'chakuti kumwera majaozi ndi chakudya basi.

A Tan analuma limodzi, n'kutsinzina. "Amayi, izi ndiye zinthu! Ndinali n'tayamba kuganiza zobwerera, koma ayi, ndikanalakwitsa."

A Geng anatsamwa ndi viniga woviikamo majaozi.

Mawa lake majaozi. Mkuja majaozi. Mayi Shufen anaika m'mbale yaikulu, n'kuitsetsereka mpaka pachifuwa pa mlendo, maso ali kukhomo. A Geng anathandizira ndi nkhani.

"Chakudya ichi, asewere, chimakhalitsa m'mimba. Munthu atha kuyenda nacho mtunda wautali. Ngakhale pa sitima."

"Zoona? Ndiye mawa tibwererenso ku Khoma, mbali ija sitinafike."

Anabwererakodi. Pobwera a Geng anachita kutsika basi chokhala, ndipo a Tan analowa m'golosale n'kutuluka ndi thumba la ufa paphewa, lalikulu lija amagula a malesitilanti.

"Ndaona kuti ndikukutherani ufa. Amayi, mundiphunzitse kukulunga, ndizikuthandizani."

Inu, chinthu chowawa n'chakuti a Tan anali munthu wabwino. Ankasesa pabwalo, ankatsuka mbale, ankapereka moni kwa aliyense m'kanjira. Munthu woipa umatha kumuda mtima uli m'malo. Uyu a Geng ankamuda kwinaku akumva chisoni, akumuona atakhala pa tebulo, lilime panja, akukulunga yekha chakudya chomuthamangitsira.

Kenaka tsiku lina, popanda womukankha, a Tan anaika timitengo todyera pansi n'kuusa moyo.

"Asewere, mundikhululukire. Ndalota mpunga. Ndagula tikiti, mawa masana ndinyamuka."

"Aa! Msanga chotere?" anatero a Geng, nkhope ili gwa. "Mwangofika kumene."

"Musandikakamize."

"Ayi, sindikukakamizani," anafulumira kuyankha. Atatuluka panja anayenda mpaka kumapeto kwa kanjira osatsimphina.

M'mawa a Tan anapita kukatsanzika anthu. Anafika kwa a Dou, nkhalamba yoweta mbalame m'zikwere, imene sinasungepo mawu m'kamwa chibadwire.

"Mukupita? Mwalimbatu, bambo! Kanjira konse kakhala kakununkha majaozi mpaka mbalame zanga zasiya kuimba. Ine anandiphikira kamodzi kokha kwa apongozi, ndinanyamuka ndisanamalize mbale."

"Majaozi atani?"

A Dou anafotokoza zonse, mosangalala, osasiya kanthu. Anaonjezanso kuti mlendo amene mukumufuna mumamuphikira manudozi, tizingwe tautali tija, kuti timumange miyendo asachoke.

A Geng anali akuyala kale bedi m'maganizo pamene a Tan analowa. Sanavule chipewa. Foni inali m'manja.

"A Geng." Usewere unali utatha. "Ndiye masiku onsewa mwakhala mukundithamangitsa? Ine n'kumakanda nawo ufa? Ndikumuimbira mwana wanga. Nyumba imene imathamangitsa bambo, mwana sangakwatiremo."

Mantha anawagwira a Geng, mantha enieni. Anaona Lanying akulira pa foni, n'kuonanso anthu a m'kanjira akuloza nyumba imene ukwati unathera pa kabichi. Pakamwa paja panatseguka pokha.

"Asewere, majaozi aja sanali anu!"

"Anali a yani?"

"Anga. Mayiwa akuthamangitsa ine. Ukwati wathu suli bwino, tinkangobisa chifukwa cha manyazi. Simunaone kuti sitigona pamodzi?"

A Tan anayang'ana mipando yolumikiza ija, n'kuyang'ana sofa. Kenaka anatembenukira kwa mayi. "Amayi, n'zoona?"

Mayi Shufen anawayang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mosafulumira.

"N'zoona," anatero.

"Nanga ine, mukanandiphikira chiyani?"

Apa panalibenso pothawira. Madzi anawira, manudozi analowa mumphika, ataliatali. A Tan anadya misozi ikugwera m'mbale. Anapepesa, anawakumbatira a Geng mpaka msana unalira, ndipo anatenganso foni ija. A Geng anatambasula dzanja.

"Musaope, asewere, sindikuimbira mwana. Ndikubweza tikiti."

"Koma mpunga uja munalota..."

"Mpunga udikira. Ndingachoke bwanji banja la asewere anga likupasuka? Ana athu akaphunzira chiyani? Sindisuntha pano mpaka mutagwirizana."

"Tagwirizana! Taonani." A Geng anagwira dzanja la akazi awo. Dzanja linabwezedwa.

"Mwaona?" anatero a Tan mwachisoni. "Nkhani zoterezi ine sindizitha bwino. Koma mayi a kunyumba, eee! Kwathu anayanjanitsa mabanja ambiri. Sathamanga, amakhala nanu pansi miyezi. Ndiwauza akwere sitima ya mawa, abwere ndi achemwali awo, poti sayenda okha."

Madzulo a tsikulo a Tan anakhala pa tebulo, chipewa atachipachika pa msomali. Mayi Shufen anatuluka m'khitchini ndi mbale ziwiri. Ya manudozi anaika pamaso pa mlendo, mwaulemu, ndi manja awiri. Inayo anaitsetsereka mpaka pachifuwa pa amuna awo, yodzaza majaozi, utsi uli tolotolo.

A Geng anawatsinzinira diso mobisa, n'kunong'ona. "Wachita bwino, mayi. Tipitirize sewero, asatitulukire."

"Sewero lanji?" anatero Mayi Shufen. "Idyani akadali otentha."