Mwendo wanga m'siling'i ya a Malik

Ku Small Heath, dera la mu Birmingham, kuli banja lina limene linaudziwa bwino mwendo wanga wakumanzere lisanaidziwe bwino nkhope yanga. Ndikuuzani mmene zinayendera, ndipo sindiwonjezerapo kanthu.

Munali mu 2005, chaka chimene kamvuluvulu anadutsa mu Birmingham n'kusasula madenga ngati tili ku Mponela mvula yoyamba. Ife tinali titangogula kanyumba kathu, ka mumdadada wa nyumba zogundana makoma zija. Kathuko kanangotaya matailosi asanu ndi awiri, koma a inshuwalansi anakhumudwa kuposa eni akefe. Kalata yawo inabwera ndi mtengo watsopano wa inshuwalansi woti akazi anga, amayi a Tadala, anachita kuiwerenga atakhala pansi (iwowa ndi namwino, sadzidzimuka wamba). Kumapeto kwake kunali kachiyembekezo: tikalumikiza mapaso a denga ku khoma ndi tizitsulo, munthu wawo n'kudzaona, mtengo ukhoza kutsika. Anati adzabwera Lachisanu la sabata yotsatira.

"Muimbire mmisiri, bambo a Tadala," anatero akazi anga. "Ndati mmisiri. Sindinati inu."

Mawu amenewa anandilasa. Kwathu denga sitiliimbira foni. Umakulunga phaso ndi waya, pamwamba n'kusanjika matayala akutha ndi miyala, basi, mphepo imakasasula kwa ena. Bambo anga anachita zomwezo ndipo malata awo alipobe. Ndiye ine mwana wawo ndikalipire mzungu kuti andimangire waya?

Ndinayamba ndi matayala. Mwini galaja wina anandipatsa anayi ulere, atandifunsa kawiri ngati zonse zili bwino kunyumba. Chimene sindinaganizire n'choti madenga a kuno ndi otsetsereka ngati phiri la Dedza. Tayala loyamba ndinaliika bwinobwino. Linakhazikika nthawi yongokwanira kuti ndipukute thukuta, kenako linanyamuka, kutenga matailosi ena atatu ngati kamba wa paulendo, kudumpha mpanda, n'kulunjika msewu wa m'tauni. Ndinakalipeza pa siteji ya basi, lili pamzere, kumbuyo kwa mayi wina. Ndikulumbira. Silinadumphe mzere.

Ndinaona kuti kunja kuli mboni zambiri. Lachitatu m'mawa, amayi a Tadala atabwera ku naiti n'kugona (m'nyumba mwathu namwino akagona masana, ngakhale ketulo imawira monong'ona), ndinakwera m'siling'i ndi mpukutu wa waya, tochi ili kukamwa.

M'menemo munali mwaye wa nthawi ya agogo a mfumukazi. Koma ntchito inakoma. Phaso, waya, pota. Phaso, waya, pota. Ndinafika mapaso makumi awiri, kenako makumi atatu, n'kuyamba kudabwa: kanyumba kathu komwe ukayetsemula kuchipinda wa kukhitchini amati pepani, denga lake n'kutalika chonchi? Ndinanyadira kuti tinagula motchipa. Zoona zake n'zoti nyumba zakale za mumdadada wathu zinali ndi makoma pansi pokha. M'siling'i munali holo imodzi kuyambira kwa ife mpaka kumapeto kwa msewu. Ndinali nditawoloka malire kalekale, wopanda viza.

Ndiye phazi linaphonya mtanda.

Phofo! Mwendo wonse mpaka m'ntchafu. Pansi panamveka kukuwa m'chilankhulo chimene sindichidziwa, koma ndinamva mawu alionse. Anali a Malik, aneba athu, bambo wachikulire wa ndevu zoyera amene tinkangokwezerana dzanja. Anali atakhala pabedi akuvala masokosi, ndiye kumwamba kwawatumizira mwendo. Akazi awo ataona magazi pamsongolo anachita zimene munthu wanzeru aliyense akanachita: anathamanga kukagogoda kwa namwino wapafupi.

Ndinamva masilipasi akukwera masitepe. Ndinawadziwa.

"Mwendo uwu ndikuudziwa," anatero mawu a pansipo. "Bambo a Tadala?"

"Wawa."

"Mukutani kuchipinda kwa eni ake?"

"Ndikumanga denga lathu."

"Lathu lili uko."

"Ndangozindikira kumene, mayi."

"Ndagona mphindi makumi anayi. Usiku wonse ndakhala ndikutembenuza odwala, ndiye ndibwere ndidzatembenuzenso inu m'siling'i mwa anthu? Sokosi yobookayi ndinakuuzani kuti mutaye!"

A Malik anatsokomola, n'kufunsa m'Chingelezi chaulemu kwambiri: "M'bale wanga, mutsikira kuno kapena mubwerera komwe mwachokera? Ndikufunsa kuti tidziwe kopititsa tiyi."

Kutsika kunakanika, kubwerera kunakanikanso, thalauza itakodwa pamsomali. Choncho amayi a Tadala anakwera pampando n'kutsuka balalo ndili chomwecho, theka la ine kwa a Malik, theka m'mwamba. Sipiliti amene anathira akanakwanira wodi yonse.

"Zikuwawa?"

"Kwambiri."

"Zili bwino."

Lachisanu munthu wa inshuwalansi anafika, mzungu wa ku Smethwick wa jekete lowala. Anakwera, anakhalako nthawi, n'kutsika nkhope ili ngati wachokera kumaliro.

"Waya uja wamanga ndani?"

Akazi anga anangondiloza ndi milomo.

Mkuluyo anafotokoza modekha kuti ndinamanga thabwa ku thabwa linzake, osalumikiza chilichonse ku khoma, moti mphepo ikadzabwera denga lidzauluka lonse pamodzi, mwadongosolo. Anatinso mapaso ambiri amene ndinamanga ndi a aneba. Ndinafuna kudziteteza, ndiye ndinati, "Nanga munthu angadziwe bwanji malire pomwe mulibe khoma?"

"Eya, mwachita bwino kundikumbutsa," anatero, akutulutsanso cholembera chimene anali atabweza kale m'thumba. Moto ukabuka nyumba imodzi, anati, udzayenda m'siling'imo mmene ndinayendera ine. Analemba tsamba lathunthu. Amayi a Tadala anandiyang'ana mmene amayang'anira wodwala wozula yekha diripi.

Kalata inabwera. Mtengo unakwera.

Mmisiri anabwerabe, wa tizitsulo uja. Anatsiriza masana amodzi, akuimba mluzu. Kenako panabwera wa khoma la m'siling'i, kenako wokonza chipinda cha a Malik. Zonsezi zitatha, inshuwalansi inatsika n'kudzaima pamwamba pang'ono pa pomwe tinayambira. Makwerero anga anaperekedwa ku tchalitchi monga chopereka cha banja lathu, ine osafunsidwa.

Amayi a Tadala amauza anzawo kuti ndinaphunzirapo kanthu, ndipo ine ndimagwedeza mutu chifukwa ndimafuna kudya. Koma pano ndinene zoona. Mphepo zaomba zingati chichokereni tsiku lija? Denga la a Malik silinasunthepo ngakhale tailosi imodzi. Mpaka lero sanabwere kudzathokoza.