Foni Inandiyambanitsa ndi Apongozi

Pali zinthu zimene umayamba ndi mtima wabwino, n'kuthera pamphasa ukuzengedwa mlandu ngati wakuba nkhuku. Zanga zinayamba ndi kuthamanga.

Ine ndine mkamwini, ndimakhala kwawo kwa akazi anga kufupi ndi Chinakanaka. Kuchipatala atandiuza kuti bipi yakwera, ndiyambe kuthamanga m'mawa uliwonse, mnzanga wa kuntchito anandiikira pulogalamu yoyeza kugunda kwa mtima pafoni. Umaika chala pa kamera, tochi imayaka, ndiye umaima phee kwa mphindi imodzi. Ukalankhula kapena kusuntha, imafufuta zonse n'kuyambiranso. Ndinaikonda zedi (kunena zoona, ndinkayeza kwambiri kuposa kuthamanga).

Tsiku lina ndinalowa kanjira kopapatiza ka m'minda ya tiyi, nditavala kakabudula kosafika m'maondo. Nditathamanga pang'ono ndinaima pakati pa njira, wefuwefu, chala pa kamera. Foni itangoyamba kuyeza, ndinaona mayi akubwera atasenza nkhuni. Anali apongozi anga, mayi awo a akazi anga.

Kuno mkamwini akakumana ndi apongozi amapatuka, n'kunjuta, n'kupereka moni akuyang'ana kumbali. Zimenezi ndimazidziwa bwinobwino. Koma foni inali itafika theka, ndiye ndinati ndingomaliza kaye, ndi mtolo umenewo sangafike msanga. Anafika msanga.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

Ine zii.

"Bambo a Chisomo, ndati mwadzuka bwanji?"

Ndinagwedeza mutu pang'ono kuti ndisaoneke wamwano. Foni inati ndasuntha, n'kuyambiranso. Apa munthu wanzeru akanaiponya m'thumba. Ine ndinaikweza m'mwamba kuti aone okha kuti ndatanganidwa, chala chikuwala psuu chakumaso kwawo. Apongozi ndi amene anapatuka. Anadutsa m'tiyi monyowa ndi mame, mtolo uli kumutu, osacheuka.

Lamulungu masana atsibweni awo a akazi anga anandiitanitsa. Ndinapeza banja lonse lakhala pansi pa mtengo wa mango.

"Mkamwini wosayankha moni, pamudzi pano timamuthandiza kumanga katundu," anatero atsibweniwo. Sankaseka. Ndinaganizira nyumba yanga ya malata imene ndinamanga pamalo pawo, ndipo mantha anandigwira.

Ndinafotokoza za bipi, za chala, za mphindi imodzi. Atsibweni anati nkhani yotere samva ndi makutu, akufuna aione. Anayamba okha kuika chala: 72. Apongozi anaika chawo akuyang'ana kumbali: 68. Kenako foni inabwera kwa ine. Ndili chikhalire pamphasa, inalemba 139.

"Mwathamanga lero?" anafunsa atsibweni.

"Ayi."

"Nanga mtimawu ukuthamangira kuti?"

Atsibweni anaiyang'anitsitsa foni ija, n'kugwedeza mutu. "Makinawa ndi abwino. Pakamwa pakudziteteza, koma mtima wavomera mlandu."

Apongozi anadziphimba kukamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. "Musiyeni, achimwene," anatero. "Wamwano weniweni mtima sugunda chonchi." Ndinagwada n'kupepesa moyenera, moni uja ndinayankhanso ngakhale unali utagona masiku atatu. Mlandu unathera pomwepo, ndipo ndinasangalala ngati mwana.

Chimene sindinaganizire n'chakuti akazi anga anaona zonse, ndipo anaphunzirapo kanthu. Loweruka lotsatira ndinachedwa ku Limbuli ndi anzanga, ndipo nditafika ndinati kabaza inaphulika tayala. Sananditsutse, sanakweze mawu. Anangonyamula foni yanga patebulo n'kunena mwaulemu kuti, "Bambo, taikani chala." Nambala imene inatuluka sindikuuzani.

M'mawa mwake ndinaichotsa pulogalamu ija m'foni mwanga, ndikudzitama kuti tsopano ndachenjera. Ndinapeza akazi anga anaiika kale m'foni mwawo.