Mkazi wa m'nyimbo yoyamba

Nkhani iyi ndikaikumbukira ndimafuna kubisa nkhope m'chitenje, koma lero ndiinena basi.

Amuna anga, bambo a Tiwonge, amacheka matabwa ku Chikangawa, komanso amaimba gitala. Atatulutsa chimbale chawo choyamba, muulutsi wa pawailesi anachikamba Loweruka masana ine ndikuchapa. Anati nyimbo zina n'zabwinoko, koma yoyambayo ndiye yogwira mtima, chifukwa cha mayi amene akuimba yekha chapansipansi gitala isanalire.

Mayi uti? Popita kusitudiyo ku Mzuzu amuna anga anandiuza kuti ali okha!

Nyimboyo ndinaimvera pafoni. Mawu osasa, ngati wadwala chimfine. Ndipo amaimba kanyimbo kanga kogonekera mwana! Mpaka kumuphunzitsa kameneko? Nditaibwereza kachitatu ndinamva khanda likutsokomola chakumbuyo. Chifuwa cha mwana wanga ndingachisokoneze ine? Tiwonge!

Ndinabereka mwana, kukwera minibasi, ulendo wa ku Champhira kwa apongozi.

"Amama, mwana wanu ali ndi mkazi wina. Afika potengera Tiwonge kwa iyeyo!"

"Mwamuona mkaziyo, a Nyajere?"

"Ndamumva! Imvani nokha, amaimbira m'mphuno."

Apongozi anaika foni kukhutu. Anamvetsera, kundiyang'ana, kumvetseranso. Apo Tiwonge anayamba kulira kumsanaku, ine osaganiza n'komwe ndinayamba kumugwedeza ndikumuimbira.

Apongozi anakhala pansi ndi kuseka, misozi mbwembwembwe.

"Pitirizani, mukufanana naye chomene mkazi mnzanuyo!"

Ndinasiyira pakamwa yasaa. Ine kubadwa kwanga konse ndinali ndisanamvepo mawu anga atajambulidwa.

Apongozi anaimbira foni mwana wawo, n'kuika poti tonse timve, n'kumufunsa za mkaziyo. Kumbuyo kwake macheka akulira.

"Ndinakujambulani muli pakhonde, mukugoneka mwana tsiku lomwe anadwala lija," anatero bambo a Tiwonge, mawu atatsika. "Ndikakhala kuno kunkhalango, n'zimene ndimamvera. Ndimafuna ndidzakuuzeni ndekha ndikabwera. Ndiye mwaikonda?"

Misozi inali pafupi. Ndisanayankhe, apongozi anatsomphola foni.

"Akuti mkaziyo umusiye lero lomwe, satha kuimba! Mbwenu ndimuuze alongedze?"

Amayi anzanga, musanakasume mawu a mkazi wina kwa apongozi, yambani mwamva anu.